Thumbo lalitali, kudzimbidwa ndi tsiku la kamera: mmene mungakonzekere

Ulendo woyamba umene anandilowetsa kamera m'matumbo, kupima komwe madokotala amati colonoscopy, ndinabwerako chimanjamanja. Mankhwala otsuka m'matumbo ndinamwa onse monga pepala la kuchipatala linanenera, ndinagona ndi njala, mwana wanga wamkazi anapempha tchuthi kuntchito kuti andiperekeze kuchokera ku Mufakose muno mu Harare, ndalama tinalipira. Nditatsitsimuka, dokotala anati kamera inathera panjira chifukwa kutsogolo kunali kosayera ndipo thumbo linkangopindika. "Bambo, thumbo lanu ndi lalitali. Mubwerenso." Papepala analemba kuti redundant colon, kutanthauza thumbo lalikulu lotalika mopitirira.

Thumbo lalikulu la munthu wamkulu limatalika pafupifupi mita imodzi ndi theka. Enafe lathu limapitirira pamenepo, ndipo poti mimba ndi yomweyo, limadzipinda ngati paipi yothirira dimba yoponyedwa m'ndowa, makamaka kumunsi chakumanzere, chigawo chomwe madokotala amati sigmoid. Pa lokha si matenda, ambiri amakalamba nalo osadziwa. Koma ntchito ya thumboli ndi kuyamwa madzi m'zotsala za chakudya, ndiye njira ikatalika, zotsalazo zimachedwa, zimauma, munthu nkumakhala masiku atatu kapena anayi osapita kuchimbudzi. Pepala la malangizo lomwe amapereka kuchipatala analembera thumbo wamba. Ifeyo tiyenera kuyamba msanga ndi kudzinenera tokha.

1. Yambani ndi mbale ya tsiku ndi tsiku

Munthu wamkulu amafunika magalamu 25 mpaka 30 a faiba patsiku, ndiye kuti gaga ndi ulusi wa m'zakudya umene thupi siligaya. Sitifunika kukausaka m'masitolo a ku Borrowdale. Nsima ya mgaiwa, kapena ya ufa womwe kuno timagula kuti roller meal, ili ndi gaga wambiri kuposa ya ufa woyera. Nsima ya mawere kapena mapira nayonso ili ndi gaga wambiri. Onjezani nyemba, khobwe, nkhwani, bonongwe, therere, mbatata yosasenda ndi papaya wakupsa. Zonsezi ku Mbare Musika zilipo.

Koma musasinthe zonse tsiku limodzi. Ine ndinayesa, mimba inafufuma ngati ng'oma, mkazi wanga nkumafunsa ngati ndameza mpira. Onjezani pang'onopang'ono kwa masabata awiri kapena atatu. Ndipo gaga wopanda madzi amatseka m'malo motsegula. Imwani malita awiri patsiku, pokhapokha ngati dokotala anakuletsani chifukwa cha mtima kapena impso. Mu Harare muno, mmene mipopi imaumira, ambiri timaumira madzi akumwa osazindikira. Sungani botolo lanulanu la madzi owiritsa, muzidziwa kuti lero mwamwa angati.

2. Patsani thumbo nthawi yake

Matumbo amagwedezeka okha munthu akangodya, makamaka m'mawa. Imwani tiyi wotentha kapena phala, pakapita mphindi 20 kapena 30 mukakhale kuchimbudzi, ngakhale simukumva kanthu. Ngati chimbudzi chanu ndi chokhalira, pondani kampando kapena njerwa ziwiri kuti mawondo akwere kuposa chiuno. Makolo athu ankanjuta, ndipo kunjuta kumawongola njira. Musadzikakamize ndi mphamvu, musakhalitse kuposa mphindi khumi. Chikakupezani, pitani. Chizolowezi chopirira mu kombi kuyambira pa siteji ya Copacabana mpaka kunyumba, tsiku ndi tsiku, ndicho chimaumitsa zinthu. Kuyenda wapansi theka la ola kumathandizanso.

3. Mankhwala: ena amatsegula, ena amatseka

Onani kaye zomwe mukumwa kale. Codeine, tramadol, mapiritsi a iron owonjezera magazi ndi amitriptyline amadzimbitsa. Musawasiye nokha, koma mufunse ngati pali ena olowa m'malo. Pofewetsa chimbudzi, lactulose ndi macrogol amakokera madzi m'thumbo ndipo sapweteka kwambiri m'mimba. Senna ndi bisacodyl amakankha thumbo kuti ligwire ntchito. Ndi othandiza mukathinidwa, koma ngati mukuwafuna sabata iliyonse, kaonaneni ndi dokotala. Zitsamba zotsegula m'mimba zogulitsa m'mabotolo m'misewu, komanso kudzipopa madzi a sopo kumbuyo, ine ndimati ayi. Simudziwa mlingo wake, ndipo thumbo lopindapinda silifuna kudzidzimutsidwa.

Pali chinthu chimodzi chosayembekezera kuti kuche. Thumbo lalitali limatha kupotokoka pa lokha ngati chingwe chochapira, madokotala amati sigmoid volvulus. Kuno ku Africa ndi chimodzi mwa zifukwa zazikulu zotsekera matumbo, makamaka kwa abambo. Mimba ikatupa mwadzidzidzi, ikulimba, ikupweteka, mukusanza, ndipo ngakhale mpweya sukutuluka, musamwe mankhwala otsegula. Thamangirani ku casualty, kolandirira odwala mwadzidzidzi, kuchipatala cha Parirenyatwa kapena cha Sally Mugabe, kuja tonse timati ku Gomo, ngakhale pakati pa usiku. Magazi m'chimbudzi, kuwonda popanda chifukwa, kapena kusintha kwa kapitidwe ka kuchimbudzi muli wazaka zopitirira 45, zimenezonso musazikankhire pa thumbo lalitali. Kapimitseni.

4. Polembetsa tsiku la colonoscopy, lankhulani

Apa ndi pomwe ndinalakwitsa poyamba: ndinangolandira pepala nkunena zikomo. Uzani dokotala kapena sisita kuti thumbo lanu ndi lalitali, kuti mumakhala masiku angati osapita, ndiponso ngati kamera inalepherapo kufika kumapeto. Akadziwa, angakupatseni kukonzekera kwa masiku awiri m'malo mwa limodzi, angakuikireni nthawi yotalikirapo, angasankhenso kamera yoyenera. Ena amagwiritsa ntchito yopyapyala ya ana chifukwa imakhota bwino pa ngodya.

Tengani mankhwala anu onse m'jumbo, awaone. Mapiritsi a iron amasiyidwa masiku asanu mpaka asanu ndi awiri chifukwa amadetsa thumbo. Warfarin ndi clopidogrel, oletsa magazi kuundana, komanso insulin ndi mapiritsi a shuga ali ndi malangizo awoawo, ndipo wonena ndi dokotala, osati oyandikana nawo nyumba. Funsaninso za mankhwala ogonetsa. Kwa ife ntchitoyi imatenga nthawi ndipo imatha kuwawa kuposa kwa ena. Kupempha kugonetsedwa si mantha. Mitengo funsani zonse pamodzi: ya dokotala, ya chipinda, ya wogonetsa, ya kulabu ngati adula kanyama m'thumbo kuti akakapime. Ngati muli pa medical aid, chilolezo chituluke tsiku lisanafike.

5. Masiku atatu omaliza: tembenuzani zonse

Zonse ndanena pamwamba zija za mgaiwa ndi nkhwani, tsopano zisiyeni. Mukufuna chakudya chosasiya zotsala: buledi woyera, mpunga woyera, nsima ya ufa woyera pang'ono, mazira, nkhuku yopanda khungu, nsomba. Nyemba, masamba, mtedza, chimanga chokazinga, tomato ndi magwafa ayi; timbewu ta magwafa timabisala m'makhota a thumbo ndipo timatseka kamera. Ngati mumamwa lactulose kapena macrogol, funsani ngati mupitirize, kuti mankhwala otsuka m'matumbo aja akapeze njira itayamba kale kuyenda.

Tsiku lomaliza ndi la zakumwa zoonekera mkati zokha: madzi, tiyi wopanda mkaka, msuzi wa nkhuku wosefa, juwisi wa apulo. Maheu ndi thobwa sizili m'gulu limeneli, ngakhale njala ikuuzeni bwanji. Zofiira ndi zapepo, monga Cherry Plum kapena Mazoe ya raspberry, zisiyeni, chifukwa pa kamera zimaoneka ngati magazi.

6. Usiku wa mankhwala

Nthawi zambiri amapereka ufa wosungunula m'madzi, malita awiri mpaka anayi. Njira yoyeretsa bwino ndi kugawa pawiri: theka madzulo, theka m'mamawa wa tsiku lenilenilo, nkumaliza maola osachepera awiri musanagonetsedwe, kapena monga chipatala chanu chanenera. Kukoma kwake ndi kwa madzi amchere osakaniza ndi sopo. Aziziritseni, imwani kapu imodzi mphindi 10 kapena 15 zilizonse, ndi kapaipi ngati kalipo. Mseru ukabwera, pumani theka la ola, muyambirenso. Pakati pa makapu muziyendayenda m'nyumba, madziwo atsike m'makhota onse.

Zomwe pepala silinena: tungiranitu madzi kumjigo, zigubu zinayi kapena zisanu zogujumulira, chifukwa mupita kokwana kakhumi kapena kupitirira. Tchajani tochi, magetsi sadziwa kuti mawa muli ndi colonoscopy. Ngati chimbudzi mumagawana ndi alendi anzanu, auzeniretu. Pakani Vaseline musanayambe, osati khungu litasupuka kale.

Muyezo si kutha kwa botolo ayi, ndi zomwe zikutuluka. Ziyenera kukhala madzi achikasu oonekera mkati, ngati mkodzo, opanda zinyenyeswa. Kukacha zikadali zabulauni kapena zamatope, imbani foni kuchipatala musanakwere kombi. Angakuwonjezereni mankhwala kapena kukankhira nthawi masana. Ine ndikanaimba ulendo woyamba uja, sindikanalipira kawiri.

7. Pabedi ndi pambuyo pake

Mumagona chakumanzere. Kamera ikadzipinda mkati, angakutembenuzeni chagada kapena chakumanja, sisita nkukanikiza mimba ndi manja kuti thumbo liwongoke. Musadabwe, ndi mmene amachitira. Ngati muli maso ndipo zikuwawa, nenani. Ikalephera ndithu kufika kumapeto, pali sikani ya CT yoonera matumbo kapena X-ray ya barium enema. Funsani pompo ngati zingatheke tsiku lomwelo thumbo likadali loyera, kuti musamwenso mankhwala aja.

Mukadzuka mimba imakhala yodzaza mpweya. Utulutseni, manyazi asiyeni pakhomo, onse m'chipindamo akuchita zomwezo. Kwa maola 24 musayendetse galimoto kapena kusaina zikalata, ndipo pakhale wokuperekezani kunyumba. Kukhala masiku awiri kapena atatu osapita kuchimbudzi pambuyo pake si zachilendo, thumbo linali lopanda kanthu. Bwererani ku mgaiwa pang'onopang'ono. Ululu waukulu wa m'mimba, kutentha thupi kapena magazi ambiri, bwererani kuchipatala msanga.

Musanatuluke, pemphani kope la lipoti. Ulendo wachiwiri wanga, nditakonzekera masiku awiri, kamera inafika kumapeto, ndipo dokotala analemba mankhwala omwe ndinamwa, kamera yomwe anagwiritsa ntchito ndi pomwe anavutika. Pepalalo ndinaliika m'pulasitiki limodzi ndi chitupa, ndipo mwana wanga analijambula pa foni yake.