Mayeso a GED ku America: mwana angalembe ali ndi zaka zingati?

Makolo ambiri akangoitanitsa mwana kuchokera kumudzi, mwina wasiyira Fomu 3, amafuna alembe GED, mayeso olowa m'malo mwa satifiketi ya sekondale ya ku America, msangamsanga kuti ayambe koleji kapena ntchito. Koma musanalipire kalikonse, dziwani kuti za zaka amalamula ndi steti imene mukukhala. Zimene anachita mwana wa mnzanu ku Texas sizingagwire ntchito ku New York.

Paliponse wosakwana zaka 16 saloledwa. Munthu wa zaka 18 kupita m'tsogolo, amene sali pasukulu ya sekondale ndipo sanaimalize, m'masteti ambiri amalembetsa popanda vuto. Malire a ukulu palibe, ngakhale agogo akhoza kulemba.

Povuta ndi pa zaka 16 ndi 17. Ku Texas wa zaka 17 amafunika chilolezo cha makolo komanso akhale atasiya sukulu, pomwe wa zaka 16 amaloledwa pa zifukwa zapadera basi, monga chilamulo cha khoti kapena kukhala mu Job Corps, pulogalamu ya boma yophunzitsa achinyamata ntchito. Ku California amafuna zaka 18, kapena kutatsala masiku 60 kuti akwanitse. Wa 17 akhale atatha masiku 60 osapita kusukulu, atengenso kalata yochokera kukoleji, kwa womulemba ntchito kapena kuusilikali. New York ndiye imakhwimitsa kwambiri, wosafika zaka 19 amayamba wapereka umboni woti akuyenera kulemba.

Kuganiza kwanga, mwana wa zaka 16 kapena 17 musamuthamangitsire GED. Mulembetseni ku high school yaboma ya m'dera lanu. Ndi yaulere, ndipo kuyambira pa chigamulo cha khoti lalikulu la America cha 1982, pa mlandu wa Plyler v. Doe, sukulu yaboma siingakanize mwana chifukwa cha mapepala a imigireshoni. Kumeneko azolowera Chingerezi cha kuno, chimene poyamba chimamveka ngati akulankhulira m'mphuno, aphunziranso mbiri ndi kayendetsedwe ka boma la America, zimene kumudzi sitiphunzira mozama koma zimabwera pa GED.

Mayeso a GED ali ndi mapepala anayi: masamu, Chingerezi, sayansi ndi Social Studies. Amalembera pakompyuta, lililonse palokha, ndipo pepala lililonse mumakhoza mukapeza 145. Masteti ena amalembetsa mayeso ena otchedwa HiSET m'malo mwa GED, choncho tsegulani akaunti pa GED.com muone malamulo a kwanuko. Tsiku la mayeso pamafunika chiphaso cha boma chachithunzi chosatha ntchito, monga pasipoti, ndipo dzina limene munalembetsa lifanane ndi la pachiphasocho chilembo ndi chilembo.

Amene muli ndi MSCE, yambani mwafunsa koleji imene mukufuna. Ena amangokuuzani kuti satifiketi ya MANEB iwunikidwe ndi bungwe loyerekeza maphunziro akunja, GED osafunikanso.