Matayala akakula sinthani magiya, musathamangire singano ya mafuta

Timagalimoto toseweretsa ta limoti toyendera injini ya nitro (injini yaing'ono yoyendera mafuta a methanol ndi nitromethane) si tambiri ku Salima kuno, koma tilipo, ndipo tochuluka tinabwera m'zikwama za abale ochokera ku Joni titagwirapo kale ntchito. Mwini wake akakatengera ku Senga Bay n'kuona kakukumba mchenga m'malo mothamanga, chimene chimabwera m'mutu ndi matayala akuluakulu. Ganizolo si lolakwika, chifukwa tayala lotambalala silititimira msanga mumchenga. Vuto limadza mukangowamanga. Kagalimoto kamene kankanyamuka matayala akutsogolo ali m'mwamba kamayamba kuchoka mwaulesi, injini ikubuula, kilatchi ikununkha chopserera. Apa ambiri amatola sikuludiraiva n'kuyamba kutseka singano ya mafuta pa kabuleta, kasikulu kolamulira kuchuluka kwa mafuta olowa mu injini, poti akatero injini imalira mwaukali ngati yapeza mphamvu. Anzanga, injini zambiri zimafera pomwepo. Mphamvu imene matayala akulandani muibweze ndi magiya, ndipo singano muikhudze pomaliza.

Mphamvu yopotokola imene imafika pa ekiselo ndi yomweyo, kaya mwamanga tayala lanji. Tayala likatalika, mphamvuyo imakankhira pansi patali ndi ekiselo, motero imafika itafooka. Tengani tepi muyeze. Ngati tayala lakale linali masentimita 14 kuchokera pansi kufika pamwamba ndipo latsopano ndi 17, mphamvu yokankha pansi yatsika ndi pafupifupi 18 peresenti, tisanawerengere kulemera kwa labala ndi siponji yam'kati. Tiinjiniti n'tating'ono kwambiri. TRX 3.3 ya Traxxas ndi 3.3 cc, ya kagalimoto ka HPI Savage X 4.6 ndi 4.6 cc, ndipo mphamvu zake zimabwera injini ikamazungulira maulendo oposa 20,000 pa mphindi. Mukailemetsa ponyamuka, imalephera kukwera kufika pamene pali mphamvu zakezo, n'kumangotentha.

Wa kabaza ya njinga yamoto amene amanyamula matumba a mpunga kuchokera ku Lifuwu amadziwa chochita: amaika supuloketi yaikulu kumbuyo kapena yaing'ono kutsogolo, liwiro n'kutsikako koma njinga n'kumakoka. Pa kagalimotoka, supuloketi yakutsogolo ndi clutch bell, kabelu ka mano kamene kali pa injini, ndipo yakumbuyo ndi spur gear, giya yaikulu ya pulasitiki kapena yachitsulo imene kabeluko kamayendetsa.

Werengani mano a zonse ziwiri, mugawe a giya yaikulu ndi a kabelu. Tinene kuti kabelu kali ndi mano 16 ndipo giya yaikulu ili ndi 48, yankho ndi 3.0. Matayala akula kuchoka pa 14 kufika pa 17, choncho chulukitsani 3.0 ndi 17 mugawe ndi 14, mupeza 3.64. Imeneyo ndiyo nambala yofunika kuti kagalimoto kakoke monga kale. Kabelu ka mano 14 ndi giya ya mano 52 zimapereka 3.71, ndipo mwafika, mwapitirirako pang'ono, zomwe n'zabwino pamchenga. Dzino limodzi pa kabelu limasintha zinthu ngati mano atatu pa giya yaikulu, ndiye ngati ndalama ikukwana chinthu chimodzi, gulani kabelu. Musanaitanitse, onetsetsani kukula kwa mano. Savage imagwiritsa mano a Mod 1, timagalimoto tina tili ndi a 32 pitch, ndipo mitundu iwiriyi silumana ngakhale ikuoneka yofanana m'chithunzi. Onaninso ngati injini ili ndi malo osendera pa timabowo take, chifukwa mano akasintha injini iyenera kusuntha.

Pomanga, masulani masikulu a injini, dulani kapepala ka m'kope, kalowetseni pakati pa mano a magiya awiriwo, kankhirani injini mpaka kapepalako kapanikizike, mangani, kenaka kachotseni. Mpata umene kapepalako kasiya ndiwo woyenera. Mukagwira kabelu n'kugwedeza giya yaikulu muzimva kakuti tiki tiki pang'ono chabe. Mukathinitsa, mabering'i a kabelu amapsa ndipo mphamvu imathera pomwepo. Mukalekerera mpata waukulu, mano a pulasitiki amatha pa thanki imodzi. Masikulu olowa m'chitsulo apakeni mankhwala abuluu oletsa kumasuka, poti injini imeneyi imanjenjemera koopsa.

Musatsitsenso magiya mopyola. Injini yopanda katundu imakuwa pachabe pamalo oongoka, ndipo nayonso imatentha. Ngati kagalimoto kanu kali ndi magiya awiri osintha okha, matayala aakulu amafuna kuti giya yachiwiri ichedwe kulowa. Pali kasikulu kakang'ono m'kati mwa giyabokosi kochedwetsera, ndipo buku la kagalimotoko limasonyeza pamene kali. Kapotokoleni pang'onopang'ono mpaka muzimva injini yakwera bwino isanasinthe.

Magiya akakhala bwino, pitani pa kilatchi. M'kati mwa kabelu muli tinsapato tiwiri kapena titatu timene timatambasuka injini ikathamanga n'kugwira kabeluko, ndipo timasipuling'i ndi timene timatiletsa kugwira msanga. Timasipuling'i tikafooka, kilatchi imagwira injini isanadzuke, ndiye kubuula kuja. Tolimba, monga ta 1.0 mm kapena 1.1 mm m'malo mwa ta 0.9 mm, timapatsa injini mpata wokwera kaye, ndipo kagalimoto kamanyamuka mwamphamvu. Koma kwezani sitepe imodzi yokha. Kilatchi yochedwa kwambiri kugwira imaterera nthawi yaitali, kabelu kamasanduka kabuluu ndi kutentha, ndipo mabering'i amamwazika. Tsegulani, pukutani m'kati mwa kabelu, tinsapato tikakhala tosalala mopenya tipaleni ndi sandipepa wosalala. Pa giya yaikulu palinso kilatchi ina yoterera, yoteteza magiya kagalimoto kakatera podumpha. Injini ikamakuwa koma kagalimoto kakuchedwa kutsatira, mangani nati yake pang'ono. Osaimanga mpaka kuuma, chifukwa matayala olemera akagunda pansi china chake chiyenera kugonja, ndipo kukapanda kuterera apo chimathyoka ndi shafti kapena difu (magiya ogawa mphamvu ku matayala).

Tsopano singano. Injini ya nitro ilibe oyilo wapadera m'mimba mwake. Oyilo ali m'mafuta momwemo, pamodzi ndi methanol ndi nitromethane, ndipo mafutawo ndi amenenso amaiziziritsa m'kati. Mukatseka singano mwachepetsa zonse zitatu nthawi imodzi: mafuta, oyilo ndi kuzizira. Injini imalusadi kwa mphindi zochepa, kenaka pulagi imapsa, pisitoni imakanda silinda, ndipo kompuresheni imatha osabwereranso. Zimandipweteka kuona injini yoti ikanatumikira zaka ikutha Loweruka limodzi chifukwa cha kupotokola kumodzi.

Kuno kunyanja pali chifukwa china chosamalira. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, Lilongwe pafupifupi 1,050, pamene Salima ili cha m'ma 500. Mpweya umapepuka munthu akamakwera kumtunda. Injini imene anaichuna ku Joni ikafika kuno imameza mpweya wochuluka pa mafuta omwewo, kutanthauza kuti yauma kale musanaikhudze. Choyamba n'kutsegula singano, osati kutseka. Ubwino wake ndi woti mpweya wochulukawo ukapeza mafuta okwanira, injini imakhala ndi mphamvu kuno kuposa kumene inachokera. Kutentha kwa mu Okutobala ndi Novembala kumabwezako zina, n'chifukwa chake kuchuna kwa m'mawa sikukhala kofanana ndi kwa masana, ndipo kwa nthawi ya mwera sikufanana ndi kwa m'chilimwe.

Bwezerani masingano a pa kabuleta, yaikulu ndi yaing'ono, pamene buku la kagalimoto likunena, litsani injini, iyende mphindi zingapo itenthe. Yambani ndi singano yaikulu, yoyang'anira liwiro lapamwamba. Kupotokola motsata muvi wa wotchi kumatseka, mobwerera kumatsegula, ndipo nthawi iliyonse musunthe ngati ola limodzi pa nkhope ya wotchi, muthamangitse kawiri katatu, mumvetsere. Utsi wabuluu uzioneka kumbuyo nthawi zonse. Ukasowa, kapena injini ikamadula ili pa liwiro, imani mutsegule. Amene ali ndi choyezera kutentha chounikira aloze pa pulagi: pakati pa madigiri 100 ndi 130 pa Celsius ndi bwino, kupitirira apo ayi. Opanda choyezera adonthezere madzi pamutu pa injini. Dontho likamatenga masekondi atatu kapena anayi kuti liume, zili bwino. Likangothetheka n'kusowa, yatentha kwambiri.

Singano yaing'ono ndiyo imalamulira kanyamukidwe, ndipo ndi imene imafuna kuleza nayo mtima mukamanga matayala aakulu. Imitsani kagalimoto injini ikulira masekondi khumi, kenaka finyani thirotulo yonse (chopatsira moto cha pa limoti). Ikatsamwa, kulavula utsi wambiri ndi oyilo kenaka n'kudzuka, mafuta achuluka, tsekani pang'ono. Ikadula ngati yabanika kapena kuzimiratu popanda utsi, mafuta achepa, tsegulani. Njira ina ndi kutsina kapaipi ka mafuta pafupi ndi kabuleta injini ikulira payokha. Iyenera kukwera pang'ono n'kuzima pakatha masekondi atatu kapena anayi. Ikazima nthawi yomweyo yauma (mafuta achepa), ikapitirira kulira nthawi yaitali yanona (mafuta achuluka). Ngati mukuchuna koma sizikukhazikika, funani pamene mpweya ukulowera mwakuba: kapaipi kong'ambika, chivindikiro cha thanki chosatseka bwino, kapena pakhosi pa kabuleta.

Mchenga wathu ndi mdani wa injini kuposa matayala. Kamchenga kamodzi kakadutsa pa kabuleta kamalemba mzere m'silinda. Fyuluta ya siponji ikhale yopakidwa oyilo wake womata, yomangidwa ndi kalamba pakhosi kuti isagwe kagalimoto kakagubuduka, ndipo muzikhala ndi ina yosinthira, chifukwa pagombe imadzaza pa ola limodzi. Fyuluta yotsekeka imachititsa injini kuoneka yanona, munthu n'kutseka singano, ndipo tsiku loti waichapa injini imauma mwadzidzidzi. Chapani kaye musanachune.

Pali mphamvu inanso imene imatayika mwakachetechete. Matayala ambiri ali ndi timabowo topumira pa limu, ndipo mchenga ndi madzi zimalowera pomwepo. Siponji ikamwa madzi tayala limalemera kwambiri n'kumagwedeza kagalimoto konse. Ayezeni pa sikelo ya kukhitchini ali atsopano mulembe, ndipo mukamapita kugombe matani timabowoto ndi tepi. Pogula, pa matayala awiri otalika mofanana sankhani lopepuka. Kugombe la asodzi kumakhalanso tizidutswa ta ulusi wa maukonde, ndipo ulusi umenewu umakulungika kuseri kwa tayala n'kulowa mu bering'i osaoneka. Injini itazima, kankhani kagalimoto ndi dzanja pa simenti. Kayenera kuyenda kokha kamtunda ndithu. Kakaima msanga, chotsani matayala muone ulusi, mabering'i a dzimbiri kapena buleki yogwira. Ndipo chonde seweretsani kutali ndi pamene anthu akukonza maukonde kapena kuyanika usipa. Kagalimoto kolemera makilogalamu asanu kakagunda mwendo wa mwana pa liwiro si choseweretsanso. Matayala aakulu amatopetsa sevo ya chiwongolero (kamota kokhotetsa matayala) n'kumaliza msanga batire ya risiva (kabokosi kolandira uthenga wa limoti), choncho ichajeni mokwanira ndipo pa kabuleta pakhale kasipuling'i kobweza thirotulo magetsi akatha.

Ena amafunsa za ekizozi ndi mafuta aukali. Paipi yotalikirapo imatsitsira mphamvu ku kanyamukidwe, yaifupi imaikwezera ku liwiro, koma kusinthako n'kochepa poyerekeza ndi mano awiri pa kabelu. Kuchoka pa mafuta a nitro 20 peresenti kupita pa 30 kumaonjezeradi mphamvu, koma kumafuna pulagi yozizirirapo ndi kuchuna kwatsopano, ndipo injini yotopa imatha msanga. Kuti mudziwe ngati yatopa, zunguzani fulaiwilo ndi chala injini ili yozizira. Pisitoni ikamafika pamwamba iyenera kulimba n'kudumpha. Ikamadutsa mofewa, ndipo injini ikatentha imazima n'kukana kuliranso, pisitoni ndi silinda yake zatha, ndipo ziwirizi zimasinthidwa pamodzi. Palibe giya imene ingabise zimenezo.

Mafutawa ndi ovuta kuwapeza kuno, n'chifukwa chake ena amayesa petulo kapena sipiriti wa pepo wa m'sitolo. Zonsezo siziyenda, poti kawaya ka platinum ka m'pulagi kamapitiriza kuyaka chifukwa chokumana ndi methanol, ndipo mungangoononga injini. Methanol imayamwa chinyezi cha mumpweya, ndipo m'mbali mwa nyanja chinyezi n'chambiri, choncho botolo lizitsekedwa mukangothira, lizikhala pamthunzi, osati padzuwa kapena m'galimoto yotseka. Mukamaliza kusewera, khuthulani thanki, litsani injini mpaka otsala athe, donthezani madontho angapo a oyilo wotetezera dzimbiri pa kabuleta n'kuzunguza injini, apo ayi mabering'i am'kati adzachita dzimbiri sabata isanathe. Methanol ndi poizoni: kamwedwe kochepa kamachititsa khungu ngakhale kupha, ndipo moto wake suoneka bwino masana. Musaithire m'botolo la zakumwa, isungeni m'botolo lake lolembedwa pamalo okhoma, ndipo wina akamwa mwangozi thamangirani naye kuchipatala cha boma ku Salima nthawi yomweyo, botololo mutalitenga, ngakhale akunena kuti akumva bwino, chifukwa zizindikiro zake zimatha kuchedwa maola ambiri.