Momwe mungasankhire malo ogona osaboola m'thumba poyendera minda ya mphesa ya ku Cape pa galimoto

Anthu ambiri amene amakonza ulendo wokaona minda ya mphesa ndi kulawa vinyo kufupi ndi Cape Town, ku South Africa, amayamba ndi kufunafuna chipinda ku Franschhoek kapena pakati pa tawuni ya Stellenbosch, popeza awa ndiwo maina amene amamveka kwambiri. Akaona mitengo yake amagwa ulesi, ndipo nthawi zambiri ulendo umathera pomwepo. Komatu munthu amene ali ndi galimoto sakakamizidwa kugona pomwe pamagona alendo onse, chifukwa matawuni a m'derali ndi oyandikana moti mukhoza kugona m'tawuni imene eni dera amakhala ndi kugwiramo ntchito, kenako n'kumapita masana kumene kuli kodula. Malangizowa ndi othandiza Amalawi okhala ku Western Cape amene akufuna kupuma masiku angapo, komanso obwera kuchokera kumudzi kudzacheza.

Choyamba: tsegulani mapu musanafunse mtengo wa chipinda

Matawuni atatu akuluakulu a vinyo, Stellenbosch, Paarl ndi Franschhoek, anakhala ngati mafuwa atatu, ndipo kuchoka pa limodzi kukafika pa linzake ndi makilomita pafupifupi 30, ulendo wa mphindi 30 kapena 40. Kuchoka ku Stellenbosch kupita ku Paarl mumatenga msewu wa R44 kudzera ku Klapmuts. Kuchoka ku Paarl kupita ku Franschhoek mumatenga R45 kudzera ku Simondium. Ndipo kuchoka ku Stellenbosch kupita ku Franschhoek mumakwera phiri pa Helshoogte, mumsewu wa R310, n'kutsikira ku Pniel. Maesiteti (mafamu a mphesa opangirako vinyo) ambiri otchuka, monga Boschendal ndi Babylonstoren, sali m'matawuni ayi, ali m'mbali mwa misewu imeneyi, pakati pa matawuniwo. Tawuni ya Wellington ili makilomita pafupifupi 12 kumpoto kwa Paarl, pomwe Somerset West ili makilomita pafupifupi 20 kumwera kwa Stellenbosch.

Lembani maesiteti amene mukufunadi kukafika, muwaike chizindikiro pamapu, kenako muone mbali imene achulukira. Musaike oposa atatu pa tsiku limodzi, chifukwa malo ambiri olawirapo vinyo amatsegula cha m'ma 10 koloko m'mawa n'kutseka cha m'ma 5 koloko madzulo, ndipo ena satsegula Lamulungu kapena Lolemba.

Ngati pamndandanda wanu pali Robertson, muiike payokha. Ili kuseri kwa mapiri, makilomita pafupifupi 100 kuchokera ku Paarl, ndipo njira yachidule imadutsa mumsewu wobooledwa m'phiri wa Huguenot Tunnel, pa msewu waukulu wa N1, pomwe pali chipata cholipiritsa. Kumeneko n'koyenera kukagonako, osati kupita ndi kubwerera tsiku lomwelo.

Chachiwiri: yerekezani matawuniwo mosatengeka ndi dzina

Franschhoek ndi yokongola, palibe angatsutse. Dzina lake linabwera ndi Afalansa othawa nkhanza za chipembedzo amene anafika ku Cape mu 1688, ndipo lero ndi katawuni kakang'ono kamene kamadalira alendo pafupifupi pa chilichonse, n'chifukwa chake chipinda, chakudya ngakhalenso khofi zimakhala zodula. Vuto lina limene ambiri saliona ndi loti ili kumapeto kwa chigwa, yozunguliridwa ndi mapiri, moti tsiku lililonse limene mukufuna kupita ku Paarl kapena ku Stellenbosch mumatuluka ndi kubwerera pamsewu womwewo wa R45. Mumalipira zambiri, koma muli m'mphepete mwa dera limene mukuyendera.

Stellenbosch, imene inakhazikitsidwa mu 1679, ndiyo ili ndi maesiteti ambiri kuposa ena onse, ndipo ndi kumene kunayambira dongosolo loyendetsa alendo m'minda ya mphesa mu 1971. Ndi tawuni ya yunivesite, choncho zakudya zotsikirapo mtengo zimapezeka, koma zipinda zapafupi ndi Dorp Street ndi Church Street n'zodula, malo oimika galimoto pakati pa tawuni ndi olipira, ndipo magalimoto amathithikana m'mawa ndi madzulo polowa ndi potuluka.

Kwa munthu wa ndalama zowerengeka amene ali ndi galimoto, Paarl ndiyo yoyenera kuyamba kuiganizira. Ndi tawuni yaikulu ya anthu ogwira ntchito, ya mafakitale, masukulu ndi zipatala, choncho mitengo ya m'masitolo ndi m'malo odyera inaikidwira eni dera, osati alendo a ndalama zakunja. Ili m'mbali mwa N1, makilomita pafupifupi 60 kuchokera ku Cape Town, ndipo vinyo wake si wachabe: kampani ya KWV inayambira pomwepo mu 1918, maesiteti a Nederburg ndi Laborie ali pomwepo, ndipo Fairview, yotchuka ndi tchizi ndi mbuzi zake zokwera pansanja, ili kuseri kwa phiri la Paarl. Mukatenga msewu wa R301 polowera ku Franschhoek mumadutsanso pachipata cha ndende ya Drakenstein, imene kale inkatchedwa Victor Verster, pomwe Nelson Mandela anatulukira pa 11 Febuluwale 1990, ndipo pali chipilala chake.

Pali chinthu chimodzi chofunika kusamala posankha chipinda ku Paarl. Tawuniyi ndi yaitali ndi yopapatiza, ndipo msewu wake waukulu, Main Road, umatalika makilomita oposa 10, uli ndi maloboti ambirimbiri. Malo awiri ogona akhoza kukhala onse pa Main Road koma wina n'kukhala kumwera, pafupi ndi N1 ndi R45, pomwe wina ali kumpoto kwenikweni kulowera ku Wellington, zimene zingakuwonjezereni mphindi 15 kapena 20 pa ulendo uliwonse. Sankhani chakumwera. Dziwaninso kuti m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale Paarl imatentha kwambiri, nthawi zina kupitirira madigiri 35, moti chipinda chopanda fani kapena makina oziziritsa mpweya chidzakusowetsani tulo ngakhale chikhale chotchipa motani.

Wellington ndi yabata, ndipo kawirikawiri ndi yotsikirapo mtengo kuposa Paarl, koma imakutalikitsani ndi Stellenbosch ndi Franschhoek. Somerset West ndi Strand zimayenera anthu amene akufuna nyanja pamodzi ndi vinyo, makamaka mabanja a ana, popeza ku Strand kuli nyumba zambiri zobwereketsa kufupi ndi gombe, ndipo esiteti yakalekale ya Vergelegen ili pafupi. Kungoti Franschhoek imakhala patali.

Chachitatu: ganizirani bwino za kugona kwa abale

Amalawi ambiri ali ndi m'bale kapena mnzawo ku Cape Town, ndipo n'zomveka kuganiza kuti kugona kwa iye kupulumutsa ndalama zonse za chipinda. Zimatengera kumene akukhala. Ngati ali ku Bellville, Brackenfell, Kraaifontein kapena Durbanville, ndiye kuti muli kale pakhomo pa minda ya mphesa, ndipo m'mawa mudzayenda mosiyana ndi mdipiti wa magalimoto olowera mumzinda. Durbanville ilinso ndi maesiteti akeake. Koma ngati ali kutali monga ku Hout Bay kapena ku Fish Hoek, mudzathera maola awiri kapena atatu pamsewu tsiku lililonse, mudzabwerera usiku mutatopa, ndipo mudzavutitsanso eni nyumba amene akudzukira kuntchito. Pamenepo ndi bwino kugona kwa abale tsiku lofika ndi lonyamuka, masiku apakatiwo n'kulipira chipinda.

Chachinayi: werengerani mtengo wa tsiku lonse, osati wa bedi lokha

Apa ndi pamene ambiri amapusitsika. Tiyerekeze kuti mwapeza chipinda chotsika ndi R200 (marandi 200) poyerekeza ndi china, koma chili makilomita 40 kutali ndi maesiteti anu. Kupita ndi kubwerera ndi makilomita 80, ndipo galimoto yaing'ono yomwa malita 7 pa makilomita 100 idzafuna malita pafupifupi 5.6, amene ndi R112 ngati lita imodzi ili pa R20. Mwatsala ndi phindu la R88 lokha, mutataya nthawi yoposa ola limodzi pamsewu. Ngati galimoto ndi yahayala, werenganinso pangano lake, chifukwa makampani ena amaika malire monga makilomita 200 pa tsiku, ndipo owonjezera amalipiritsa padera.

Chakudya ndicho chimadya ndalama kwambiri kuposa mafuta. Chipinda cholembedwa kuti self-catering, chimene chili ndi khitchini, furiji ndi ziwiya, chikhoza kuoneka chokwererapo pang'ono, koma chimakupatsani mwayi wogula zinthu ku Checkers, Pick n Pay kapena Shoprite n'kumadziphikira m'mawa ndi madzulo, kenako n'kusunga ndalama za chakudya chimodzi chabwino cha masana pa esiteti. Ufa wa chimanga umapezeka m'masitolo onsewa, choncho amene sagona osadya nsima asade nkhawa. Nyumba zambiri zotere zimakhalanso ndi malo ootchera nyama panja, ndipo botolo limene mwagula masana mukalimwera pamenepo pamtengo wa pa esiteti, osati wa m'lesitilanti, umene umakhala wokwera kwambiri. Mukakhala anthu anayi kapena asanu, nyumba imodzi ya zipinda ziwiri imatsika mtengo kuposa zipinda ziwiri za m'gesitihausi. Onjezerani pa bajeti ndalama zolawira vinyo, zimene esiteti iliyonse imalipiritsa munthu aliyense, ndi timasiliva ta olondera magalimoto ndi othira mafuta.

Chachisanu: sankhani pakati pa kanyumba ka pafamu ndi chipinda cha m'tawuni

Kanyumba ka pakati pa mizere ya mpesa kamakopa, ndipo nthawi zina kamakhala kotsika mtengo kuposa chipinda cha m'tawuni. Koma funsani kaye za msewu wofikirako, chifukwa mafamu ena amafikika ndi msewu wafumbi, ndipo inshuwaransi ya galimoto yahayala nthawi zambiri siphatikiza matayala ndi galasi lakutsogolo pokhapokha mutalipira padera. Ganiziraninso za madzulo: pafamu, mukafuna buledi kapena chakudya muyenera kuyendetsa galimoto mumdima, m'misewu yopanda magetsi mmene mumayenda anthu apansi, ndipo galimoto zoitanitsa pafoni za Uber ndi Bolt sizipezeka msanga kunja kwa matawuni. Ngati mwasankha famu, gulani zonse masana kuti mukalowa madzulo musatulukenso.

Kulikonse kumene mwasankha, mulembereni mwini malo musanalipire, mumufunse ngati galimoto imagona mkati mwa mpanda, ngati pali njira ina yopezera magetsi akazima, ndi nthawi yomaliza yolandira alendo. M'miyezi yozizira funsani za hita ndi mabulangeti, popeza nyumba zakale za makoma okhuthala zimazizira kwambiri.

Chachisanu ndi chimodzi: gwirizanani za woyendetsa musananyamuke

Malo ogona apafupi sakupatsani ufulu woyendetsa galimoto mutamwa. Lamulo la ku South Africa limaletsa kuyendetsa galimoto ngati mowa m'magazi wafika 0.05 g pa 100 ml, ndipo kulawa kumodzi kwa mitundu isanu ya vinyo kukhoza kukufikitsani pamenepo. Apolisi amatchinga misewu makamaka Loweruka, Lamulungu ndi nthawi ya tchuthi. Sinthanani kuyendetsa tsiku ndi tsiku, ndipo woyendetsa asamwe. Maesiteti ambiri amakhala ndi madzi a mphesa osaledzeretsa, ndipo patebulo pamakhala kachidebe kolavuliramo, kamene akatswiri enieni amagwiritsa ntchito popanda manyazi. Tsiku limene aliyense akufuna kulawa, gwiritsani ntchito Franschhoek Wine Tram, imene imazungulira maesiteti ndi kasitima ndi mabasi, koma mukonzeretu wokutengani pobwerera kumene mukugona. Kuyendetsako sikudzakuvutani, popeza nakonso amayenda kumanzere.

Chomaliza: sankhani masiku, kenako sungitsani malo

Mitengo imakwera kwambiri kuyambira pakati pa Disembala mpaka pakati pa Januwale, pamene masukulu atsekera, komanso pa Isitala. Nyengo yokolola mphesa, kuyambira kumapeto kwa Januwale mpaka Malichi, imakhalanso ndi alendo ambiri. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumazizira ndipo kumagwa mvula, koma ndi nthawi imene malo ogona ambiri amatsitsa mitengo, ndipo m'malo olawira vinyo mumakhala mopanda chigulu. Epulo, Sepitembala ndi Okutobala ali pakatikati, ndipo ndiyo miyezi imene ndingalimbikitse kwa munthu wopita koyamba. Kugona kuyambira Lamulungu mpaka Lachinayi kumatsika mtengo kuposa Lachisanu ndi Loweruka.

Chenjerani ndi masabata ena amene amadzaza tawuni yonse ngakhale nyengo ili yotchipa: chikondwerero cha Bastille ku Franschhoek pakati pa Julayi, masewero a rugby a pakati pa sukulu za Paarl Boys' High ndi Paarl Gimnasium cha kumayambiriro kwa Ogasiti, ndi miyambo yopereka madigiri ku Stellenbosch mu Disembala ndi cha m'Malichi.

Pofufuza, yerekezani mitengo pa masamba a pa intaneti a LekkeSlaap, Booking.com ndi Airbnb, ndipo musadalire dzina la tawuni limene lalembedwa, chifukwa malo ena olembedwa kuti Franschhoek kapena Stellenbosch amakhala makilomita 15 kunja kwake. Onani pamapu pomwe ali. Werengani ndemanga za miyezi yaposachedwa, makamaka zokhudza phokoso ndi ukhondo. Mukapeza oyenera, funsani ngati pali kuchotsera kwa munthu wogona masiku atatu kapena kuposerapo, ndipo khalani pamalo amodzi ulendo wonse, chifukwa kusamukasamuka kumakudyerani m'mawa wathunthu ndipo nyumba zina zimalipiritsa ndalama yokonzera m'nyumba ulendo uliwonse. Musatumize dipoziti kwa munthu amene mwangomupeza pa Facebook popanda umboni woti malowo alipodi, ndipo pempherani kuti akulembereni tsiku lomaliza limene mungasinthe ulendo n'kubwezeredwa ndalama zanu.