Zocita Ngati Kompyuta Yakale Yayamba Kuvuta Pambuyo Poikamo Windows Yatsopano

Malangizo awa ndi a anthu amene anakweza kompyuta yao yakale kucoka pa Windows 7 kapena 8.1 kupita pa Windows 10, kapena kucoka pa Windows 10 kupita pa Windows 11, ndipo tsopano apeza kuti pulinta, sikana, mau, Wi-Fi kapena pulogilamu imene anali kusewenzetsa tsiku ndi tsiku yaleka kugwila nchito. Ambili akukweza makompyuta ao cifukwa Microsoft inaleka kutumiza zokonza za citetezo za Windows 10 pa 14 October 2025, monga mmene inacitila ndi Windows 7 pa 14 January 2020 ndi Windows 8.1 pa 10 January 2023.

Pali mau atatu ofunika kumvana tisanapitilile. Mau akuti operating system akutanthauza pulogilamu yaikulu imene imayendetsa kompyuta yonse, ndipo m'malangizo ano tidzangoichula kuti Windows. Mau akuti upgrade tawamasulila kuti kukweza, kutanthauza kucoka pa Windows ina kupita pa ina, ndipo asasokonezedwe ndi update, zimene ndi zokonza zing'onozing'ono zobwela mwezi uliwonse. Ovuta kwambili ndi mau akuti driver. Tawasiya kuti dilaiva popeza ndi mmene akatswili okonza makompyuta amakambila, koma sakutanthauza woyendetsa galimoto. Dilaiva ndi kapulogilamu kamene kamagwila nchito ngati womasulila pakati pa Windows ndi cipangizo, conco ngati Windows yasintha cinenelo koma womasulila akali wakale, pulinta ingakhale yabwinobwino, yoyaka ndiponso yokhala ndi inki, koma siidzamva zimene ikuuzidwa.

Cinthu coyamba kudziwa n'cakuti muli ndi masiku 10 cabe obwelela kumene munacokela. Pokweza, Windows imasunga yakale ija mu foda yochedwa Windows.old, ndipo m'masiku amenewa mungatsegule Settings, kenako System, kenako Recovery, n'kudiniza Go back. Pa Windows 10 njila yake ndi Settings, Update & Security, Recovery. Masikuwo akatha, fodayo imafufutika yokha ndipo batanilo silidinizikanso. Zimenezi ndaziika patsogolo cifukwa ndaona anthu akutaya mwai umenewu ndi manja ao. Munthu amaona kuti diski yadzala, amatsegula Disk Cleanup, amaconga pa Previous Windows installation(s) poona kuti ikudya magigabaiti ambili, ndipo m'mawa mwake ndi pamene amazindikila kuti pulogilamu yolembela malisiti siikutseguka. Musakhudze fodayo mpaka mutayesa zonse. Ponena kuti zonse tikuphatikizapo zimene mumasewenzetsa kamodzi pamwezi, monga pulogilamu yowelengela malipilo a anchito, cifukwa ngati munakweza pa 3 ndipo mwaitsegula koyamba pa 28, masiku anu anatha kalekale. Pobwelela mudzafunika pasiwedi imene munali kusewenzetsa pa Windows yakale, mapulogilamu amene munaika pambuyo pokweza adzafunika kuikidwanso, ndipo ngati ndi laputopu iyenela kukhala yolumikizidwa ku magetsi mpaka nchitoyo itatha.

Kuti mudziwe cipangizo cimene cilibe dilaiva woyenela, dinizani batani la kumanja la mausi pa Start ndi kusankha Device Manager. Cipangizo covuta cimaoneka ndi kacizindikilo kacikasu ka makona atatu. Mukacitsegula mudzaona nambala ya vutolo: Code 28 ikutanthauza kuti dilaiva sanaikidwe n'komwe, Code 10 kuti cipangizo calephela kuyamba, ndipo Code 43 kuti Windows yaciimitsa cifukwa cinaonetsa kuti cili ndi vuto. Pali vuto lina limene silionetsa cizindikilo ciliconse. Mukaona pansi pa Display adapters palembedwa Microsoft Basic Display Adapter, ndiye kuti Windows yaika dilaiva wongogwilizila, ndipo n'cifukwa cake zithunzi zikuoneka zotambasuka, kuwala kwa sikilini sikusintha, ndiponso pulojekita siikuonetsa kanthu.

Yambani ndi Windows Update, ndipo onaninso pa Optional updates, pamene madilaiva ambili amakhala osaikidwa mpaka mutawasankha. Zikalepheleka, pitani pa webusaiti ya kampani imene inapanga kompyuta kapena cipangizoco, ndipo sewenzetsani nambala yeniyeni ya mtundu wake yolembedwa pa kapepala komatidwa kunsi kwa laputopu kapena kumbuyo kwa pulinta, osati dzina la pacivundikilo cabe, popeza malaputopu awili a dzina limodzi angakhale ndi zipangizo za Wi-Fi zosiyana. Ngati palibe dilaiva wa Windows 11, kawilikawili wa Windows 10 amagwila nchito, malinga akhale wa 64-bit. Cipangizo cikangolembedwa kuti Unknown device, tsegulani Properties, Details, Hardware Ids, ndipo mudzaona manambala otsatila zilembo VEN ndi DEV kapena VID ndi PID, a VEN kapena VID osonyeza kampani ndipo a DEV kapena PID osonyeza cipangizo cake. Mapulogilamu amene amalonjeza kukupezelani madilaiva onse nthawi imodzi apeweni, cifukwa ena amaika dilaiva wolakwika ndipo ena amabwela ndi zotsatsa malonda zovuta kucotsa. Ngati cimene cafa ndi Wi-Fi yeniyeniyo, lumikizani foni ndi nthambo ya USB n'kuyatsa USB tethering kuti kompyuta isewenzetse intaneti ya pa foniyo, kapena tengani dilaivayo pa kompyuta ina ndi fulashi. Pamene cipangizo cinali kugwila nchito bwino n'kuleka dilaiva watsopano atalowa, batani la Roll Back Driver pa tsamba la Driver limabwezela wakale uja.

Nkhani ya 32-bit ndi 64-bit ilibe mau a Cinyanja oimasulila bwino, ndipo kuyesa kuimasulila kungasokoneze koposa. N'zokwanila kudziwa kuti ndi mamangidwe awili a Windows, ndi kuti Windows 11 ilipo ya 64-bit yokha. Pulogilamu wamba ya 32-bit imagwila nchito pa Windows ya 64-bit popanda vuto, koma dilaiva wa 32-bit sagwila, ndipo palibe cimene mungasinthe mu Settings kuti agwile. Ici ndiye cifukwa cacikulu cimene masikana ndi mapulinta akale kwambili amathela pomwepa, ngati kampani yake siinapangepo dilaiva wa 64-bit. Mapulogilamu a 16-bit a m'nthawi ya DOS ndi Windows 3.1 naonso satseguka, ndipo nthawi zina pulogilamuyo ndi ya 32-bit koma kapulogilamu koiikila ndiko ka 16-bit, moti imakana pakhomo pomwe. Pa Windows 11 mungaonenso uthenga wakuti A driver cannot load on this device. Nthawi zambili umacokela ku citetezo cochedwa Memory integrity, copezeka mu Windows Security, Device security, Core isolation. Kucizima kumalola dilaiva wakale kugwila nchito, koma kumacepetsa citetezo ca kompyuta yonse, conco funani kaye dilaiva watsopano musanatelo.

Ngati pulogilamu yopangidwila Windows yakale siikutseguka kapena ikutseka yokha, dinizani batani la kumanja pa cizindikilo cake, sankhani Properties, kenako Compatibility, congani Run this program in compatibility mode for, ndi kusankha Windows imene pulogilamuyo inali kugwila nayo nchito bwino. Ngati ikukanabe, congani Run this program as an administrator, koma citani zimenezi pa pulogilamu yokhayo imene mumaidalila. Cimene cimacitika apa n'cakuti Windows imadzionetsa kwa pulogilamuyo monga kuti ndi yakale ija. Siibwezela dilaiva amene kulibe, ndipo njila imeneyi siyenela kusewenzetsedwa pa antivailasi yakale kapena pa mapulogilamu okonza diski, amene ayenela kucotsedwa ndi kuikidwa atsopano. Mapulogilamu ambili akale a m'maofesi amafuna pulogilamu yothandizila ya Microsoft yochedwa .NET Framework 3.5, imene imayatsidwa pa Turn Windows features on or off. Mawebusaiti a mkati mwa kampani amene anali kutseguka mu Internet Explorer mokha angatsegulidwe ndi Internet Explorer mode ya mu Microsoft Edge, popeza Windows 11 ilibe Internet Explorer. Musanacotse pulogilamu yogula kuti muiikenso, tsimikizilani kuti nambala ya laisensi yake muli nayo, ndipo ngati imatseguka ndi kakiyi kolowetsa pa USB, kumbukilani kuti kakiyiko nakonso kali ndi dilaiva wake.

Vuto limodzi limene linanditayitsa tsiku lathunthu ndi la fotokope yaikulu ya mu ofesi imene inali kutumiza mapepala osikanidwa mu foda ya pa kompyuta. Titakweza kompyutayo, kupulinta kunali kuyenda bwino, pepala linali kulowa ndi kutuluka m'makinawo monga mwa masiku onse, koma mufodamo simunali kufika kanthu, ndipo pa kasikilini ka fotokope panali kungolembedwa kuti kutumiza kwalepheleka. Tinasintha pasiwedi, tinasintha nthambo, koma osaphula kanthu. Cifukwa cake cinali cakuti makina akale otelo amatumiza mafayilo kudzela mu njila yochedwa SMB1, imene Windows 10 inayamba kuisiya kucokela pa mtundu wa 1709 wa mu 2017. Mungaiyatsenso pa Turn Windows features on or off, koma muyenela kudziwa kuti vailasi ya WannaCry ya mu May 2017 inafalikila kudzela pa cibowo ca m'njila imeneyi. N'kwabwino kufufuza ngati kampani ya makinawo inatulutsa firmware yatsopano, imene ndi pulogilamu ya mkati mwa makinawo, ndipo ngati kulibe, sikanani kupita ku imelo kapena pa fulashi.

Zocepa zimene Windows 11 imafuna ndi pulosesa ya 64-bit, RAM ya 4 GB, malo a 64 GB, UEFI (pulogilamu ya mkati yoyatsila kompyuta) yokhoza citetezo ca poyaka cochedwa Secure Boot, ndi kacipangizo ka citetezo kochedwa TPM 2.0, ndipo mapulosesa ambili ovomelezeka amayambila pa Intel a m'badwo wa 8 ndi AMD Ryzen 2000. Pulogilamu ya PC Health Check imaonetsa cimene cikupelewela. Nthawi zina TPM imakhalapo koma yozima mu BIOS, mmene mumasinthila zocunila za mkati mwa kompyuta Windows isanayake, pansi pa dzina lakuti PTT kapena fTPM. Musanasinthe ciliconse m'menemo, onani ngati diski yanu ndi yokhomedwa ndi BitLocker, ndipo lembani papepala kiyi yake ya manambala 48, cifukwa kompyuta ingaifunse poyaka ndipo popanda kiyiyo mafayilo anu simudzawaonanso. Pali njila zokakamizila Windows 11 pa kompyuta yosavomelezeka, koma Microsoft inanenelatu kuti siilonjeza kuti makompyuta otelo azilandila zokonza, ndipo mtundu wa Windows 11 wa 24H2 suyaka n'komwe pa mapulosesa akale kwambili opanda luso lochedwa SSE4.2. Ngati kompyuta ikungocedwa, ipatseni tsiku limodzi kapena awili kuti imalize zokonza zake. Ikapitiliza, ndipo Task Manager ikuonetsa diski ili pa 100% nthawi zonse, kuika SSD, diski yofulumila yopanda cozungulila, m'malo mwa hadi diski yozungulila kumathandiza koposa cina ciliconse cimene mungasinthe mu Settings.

Kompyuta ikamazima yokha kapena kuonetsa sikilini ya buluu, cotsani zipangizo zonse za pa USB kupatula kibodi ndi mausi, gwilani Shift podiniza Restart, ndi kulowa mu Safe Mode, mmene Windows imayaka ndi madilaiva ofunika kwambili okha, kudzela pa Troubleshoot, Advanced options, Startup Settings. M'menemo cotsani dilaiva kapena pulogilamu imene munaika pomaliza. Ngati pofika tsiku la 8 pulogilamu kapena cipangizo cimene nchito yanu imadalila cikali cosagwila, kopelani mafayilo anu pa diski ya kunja ndi kudiniza Go back masikuwo asanathe. Kompyuta imene yabwelela pa Windows yosalandilanso zokonza icotseni pa intaneti, muziisewenzetsa pa pulogilamu imodziyo cabe, ndipo imelo ndi za kubanki muzicitila pa cipangizo cina.