Injini ikagwira, tcheni chikhale kaye pansi

Madzi a namondwe wa Freddy ataphwa mu 2023, mlamu wanga wina wa cha ku Bangula anabwera kwanga ku Ngabu ali tsinya: injini ya thirakitala yake ya Massey Ferguson 135 yagwira, siyikutembenuka. Ndisanafunse kanthu anali ataulula kale kuti anaimanga tcheni n'kuikoka ndi thirakitala ina ili m'giya. Ndinangogwira kumutu. Mu silinda imodzi munali madzi, ndipo madzi sapanikizika. Konirodi, chitsulo cholumikiza pisitoni ku kilankishafuti, inapindika ngati chikwakwa.

Funso langa loyamba limakhala ili: yagwira ikulira, kapena ili chiimire? Ngati inazima yokha m'munda itatentha kapena oyilo atatha, imeneyo yanoka. Kuinyika m'mafuta sikuthandiza, itsegulidwe basi, ndipo nthawi zambiri kilankishafuti imakwera phiri kupita ku Blantyre. Koma zambiri za kuno zimagwira zili chiimire. Ekizozi inaloza kumwamba, mvula ikulowera momwemo dzinja lonse, dzimbiri n'kumata maringi a mapisitoni.

Yambani ndi zotchipa. Batire yofooka imanamiza, sitata nayonso imatha kukakamira pa mano a fulayiwilo. Ikani nyutirolo, masulani sitata. Kenako masulani pang'ono bawuti ya pansi pa sampu, mokhala oyilo wa injini. Madzi amalemera kuposa oyilo, akakhalamo ndi amene amayamba kudontha.

Tsopano zulani manozo opopera dizilo m'masilinda, onse atatu, poti injini ya Perkins ya mu 135 ili ndi masilinda atatu. Pukutani kaye fumbi la m'mbali mwake, fumbi lathu lino mukulidziwa. Mawashala a kopa musataye. M'mabowomo thirani dizilo wosakaniza ndi oyilo wofiira uja wa ATF, wa m'giyabokosi ya otomatiki, theka ndi theka. Akasowa, palafini amayesako. Tsekani ndi nsanza, muzipita kumunda. Ine ndimapereka sabata yathunthu, ndikuwonjezera m'mawa uliwonse. Silinda imene mafuta ake sakutsika, ndiyo kawirikawiri ili ndi mlandu.

Podikira, tsegulani chivundikiro cha pamwamba pa injini. Gogodani valavu iliyonse ndi mpini wa hamala, osati chitsulo chake. Yabwino imatsika n'kubwerera. Yomatirira ithireni mafuta omwewo, chifukwa mukakakamiza mupinda mapushirodi, tindodo tachitsulo tokankha mavalavu.

Kugwedeza kwake ndi uku. Kwezani tayala limodzi lakumbuyo ndi jeke, ikani zitsa zolimba pansi, tsekerani matayala enawo ndi miyala. Lowetsani giya yapamwamba, ndiye muzikankha tayalalo kutsogolo, kumbuyo, modekha ngati mukupeta mapira. Mwana wina aziyang'ana pule ya kutsogolo. Ikangosuntha ngakhale kachala kamodzi, lekani, thiraninso mafuta, mawa ndi tsiku. Anyamata amakonda kulumikiza paipi yaitali ku sipanala n'kulendewerapo atatu. Athamangitseni.

Ikazungulira kawiri konse popanda pogwira, bwezerani sitata, phimbani mabowo ndi chiguduli, imani patali, izungulitseni manozo asanabwerere. Zotulukazo ndi uve wokhawokha. Khuthulani oyilo yense, sinthani fyuluta, bwezerani manozo, chotsani mpweya m'mapaipi a dizilo. Ikalira idzafuka utsi kwakanthawi, musaope. Ikapitirira kufuka ndi kumwa oyilo, maringi ndi masilivu a m'masilinda atha.

Patatha masabata awiri osasuntha, ndimachotsa hedi, mutu wa injini, n'kuyang'ana ndi maso. Ya mlamu wanga ija tinaitsegula, konirodi tinakapeza yakale ku Limbe. Masiku ano akaimika, amavundikira ekizozi ndi chitini cha nsomba.