Fodya pa njoka za mmimba mwa mbuzi, mvetsani kaye izi musanamwetse

Mvula ikangokhazikika cha mu Januwale ndi Febuluwale muja mbuzi zambiri zimayamba kuonda chonsecho msipu uli mbwee, ubweya kunyankhalala, zina kutsekula, ndiye sipalephera wina wokuuzani kuti tangonyikani fodya mmadzi muzimwetse njoka zonse zituluka. Kumadera ngati Kasungu, Dowa ndi Mchinji malangizo amenewa amayenda msanga chifukwa fodya ngosasowa, zinyenyeswa zake zimangotayika mchigafa pomwe mankhwala a botolo ndi ofuna ndalama komanso ulendo wa pa tauni.

Akuluakulu amene amanena zimenezi sakunama ayi. Mufodya muli nikotini ndipo nikotiniyo amaumitsadi njoka, imalephera kugwira khoma la chifu nde imatuluka ndi ndowe. Ngakhale alimi a nkhosa ku America ndi ku Australia kale ankamwetsa mankhwala a nikotini otchedwa nicotine sulphate osakaniza ndi ena otchedwa copper sulphate, anadzasiya atabwera mankhwala ena monga phenothiazine cha mma 1940 ndi thiabendazole mu 1961. Chomwe anasiyira nchakuti mlingo wopha njoka ndi mlingo wopha chiweto ndi oyandikana kwambiri, ukalakwitsa pang'ono wapha nkhosa, ndipo iwowo anali ndi nikotini woyezedwa bwinobwino kufakitale. Nanga inu wa mchigafa mumuyeza bwanji? Masamba akunsonga amakhala ndi nikotini wambiri kuposa apansi, bale ndi chikopa mphamvu zake nzosiyana, chingambwe cha pamsika ndiye kaya anathiramo chani, kuonjezera apo fodya wa kumunda anapoperedwa mankhwala a tizilombo. Nchifukwa chake ine mlingo wa fodya sindikupatsani, amene angakuuzeni kuti masamba akutiakuti pa kapu imodzi akungoyerekeza basi. Mukachepetsa njoka sizifa mwangovutitsa mbuzi, mukachulutsa mwapha mbuzi.

Nde chochita nchiyani? Yambani ndi kudziwa ngati vuto lilidi njoka komanso mbuzi yake ndi iti, chifukwa mkhola limodzi si zonse zimene zimalemedwa nazo, kawirikawiri zimakhala zochepa chabe, makamaka ana, zabere ndi zoyamwitsa. Njoka yovuta kwambiri nthawi ya dzinja ndi ija akatswiri amati Haemonchus, imakhala mkachifu komaliza kaja kolumikizana ndi matumbo ndipo ntchito yake nkuyamwa magazi. Tsiku lina mukapha mbuzi mudzang'ambe kachifu kameneka musanatsuke, mudzaona tinthu tofiira ngati ulusi, totalika masentimita awiri kapena atatu tikuyendayenda, tatikazi timaoneka topotana kufiira ndi kuyera. Kamodzi kokha kamaikira mazira masauzande pa tsiku. Ndipo njoka imeneyi nthawi zambiri sitsekulitsa nkomwe, mbuzi ndowe zili bwinobwino koma magazi akutha, mumangoona yayamba kutsalira mmbuyo zinzake zikamapita kudambo, kenako kutupa kunsi kwa chibwano, chotupa chake chofewa cha madzi. Ikafika apo ndiye kuti zinthu zaipa kale.

Kayezedwe kake nkosavuta. Tulutsani mbuzi panja powala, osati mkhola ndi tochi ya foni ayi. Wina aigwire, inu tsekani diso ndi chikope chammwamba nkudinikiza pang'ono ndi chala chachikulu, chala chinacho kokerani chikope chammunsi pansi kuti mnofu wamkati uja utuluke, muone mtundu wake msangamsanga chifukwa mukachedwa umafiira wokha nkukunamizani. Onani maso onse awiri. Ukakhala wofiira bwino isiyeni mbuziyo, ukakhala pinki wotuwa imwetseni, ukakhala woyera mbuu imwetseni lero lomwe ndipo muimbire alangizi a ziweto. Njira imeneyi inachokera ku South Africa, amaitchula kuti FAMACHA kutengera dzina la dokotala wa ziweto Faffa Malan, ili ndi kakhadi ka mitundu isanu koyerekezera, alangizi ena amakhala nako afunseni. Nthawi ya mvula muziyeza pakatha masabata awiri aliwonse, chilimwe kamodzi pamwezi zakwana.

Pomwetsa, chinthu choyamba ndi sikelo. Anthu ambiri timangoyang'ana mbuzi nkunena kuti iyi ndi makilo mwakuti, kenako dozi nkuperewera. Bwerekani sikelo yopachika ija yoyezera chimanga, dutsitsani thumba kapena chitenje kumimba kwa mbuzi, pachikani pa nthambi, mwadziwa kulemera kwake. Mmashopu a mankhwala a ziweto mupeza mankhwala a njoka monga albendazole, levamisole ndi ivermectin. Werengani botolo chifukwa albendazole alipo wa 2.5% ndi wa 10%, muyezo wake sungafanane, komanso onani deti yothera ntchito, za pamsika zothiridwa mbotolo la chakumwa lopanda pepala zija musagule. Dziwaninso kuti thupi la mbuzi limachotsa mankhwala msanga kuposa la nkhosa, nde dozi yolembedwa ya nkhosa kawirikawiri imachepa kwa mbuzi, alangizi akuwerengereni yoyenera, makamaka levamisole amene ukapyoza naye amapha. Albendazole musapatse mbuzi imene yangotenga bere kumene, mwezi woyamba ndi theka uja amatha kuononga mwana mmimba.

Gwirani mbuzi ili chiimire, mutu usapenye kumwamba kwambiri, lowetsani sirinji yopanda singano chammbali mwa kamwa mpaka pamwamba pa lilime kumbuyo, finyani pang'onopang'ono izimeza yokha. Mukathira mwaphuma uku ikulira mankhwala amalowa mmapapo nkuyambitsa chibayo. Mukatha werengani masiku olembedwa pabotolo oti mudikire musanaiphe kapena kumwa mkaka wake, ogulitsa kwa a kanyenya nanunso izi zikukukhudzani.

Pali cholakwika china choopsa chomwe anthu amachita pofuna kuti zigwire bwino, kumwetsa fodya mmawa kenako levamisole madzulo, kapena kuona kuti fodya sanathandize nkuthamangira botolo mawa lake. Levamisole ndi nikotini amagwira malo amodzimodzi mmitsempha, ukaphatikiza ndiye kuti wapereka dozi kawiri. Ndipo mbuzi yabere ikhale kutali ndi fodya wamtundu uliwonse ngakhale mapesi ake, ku Kentucky ku America nkhumba zabere zimene zinkadya mapesi a fodya wa bale zinkabereka ana opindika miyendo. Nde mukazula mapesi musaunjike pafupi ndi khola, chigafa nacho chitchingeni, mbuzi sifunsa.

Ngati wina wamwetsa kale kapena mbuzi yalowa mchigafa nkudya, zizindikiro sizichedwa, dovu kuchucha, thupi kunjenjemera, kupuma wefuwefu, kudzandira, kutsekula, ikafika poipa imagwa nkumaphupha. Ichotseni pomwe pali fodyapo, igonekeni pamthunzi chokhala pachifuwa osati chammbali kuti isafufume mimba, imbirani alangizi kapena veti nthawi yomweyo muwauze chilungamo kuti yamwa fodya wochuluka bwanji komanso nthawi yanji. Ikamanjenjemera musaikakamize kumwa madzi, mkaka kapena mafuta ophikira, itsamwa. Ena amasambitsa mbuzi madzi a fodya pofuna kupha nsabwe ndi nkhupakupa, dziwani kuti nikotini amalowa pakhungu, amene anathyolapo fodya wonyowa ndi mame nkuyamba chizungulire ndi nseru akudziwa zomwe ndikunena, komanso mbuzi imadzinyambita.

Mbali yomwe imapulumutsa ndalama zambiri ndi kadyetsedwe, ndipo apa mpomwe timagwa nayo nthawi ya dzinja pamene mbuzi zili pachingwe kuopa minda ya eni. Mazira amene agwa ndi ndowe, kukakhala kotentha ndi konyowa, pasanathe sabata amakhala asanduka timphutsi tokwera pa udzu, ndipo timakhala mmunsimu pafupi ndi dothi. Mbuzi yomangidwa pachikhomo chimodzimodzi sabata ndi sabata imadya udzu mpaka kugumula nthaka, ndiye ikungomeza njoka zake zomwe, mumwetse lero pakatha masabata atatu zadzadzanso. Sunthani chikhomo pakatha masiku atatu kapena anayi ndipo musabwererepo msanga, papite mwezi ndi kuposerapo ngati malo alipo. Dikirani mame akamuke musanazitulutse. Kudambo kodikha madzi kupeweni chifukwa kuli nkhono zofalitsa njoka za mchiwindi, zimenezo ivermectin payekha saziphanso. Zithyolereni masamba a mitengo monga lukina, gliricidia ndi nandolo nkuwapachika mmwamba, osaponya pansi popondedwa, mbuzi mwachibadwa imadya chokweza mutu ndipo kumtengo kulibe timphutsi timeneti, komanso masamba amenewa amabwezeretsa thupi msanga. Khola la mmwamba la mipata pansi limathandiza kuti ndowe zizigwera pansi mbuzi osagonapo, muzikokola pansipo nkukaunjika padzenje la manyowa ziwolerane kaye musanapite nazo kudimba.

Ndipo pali mbuzi ina imene diso lake limangokhala lotuwa, mwamwetsa kangapo dzinja limodzi zinzake zili bwinobwino, imeneyo ndi imene ikudzadza msipu ndi mazira ndipo ana ake nawonso amakonda kutengera. Ikachira nkunenepako, masiku a mankhwala aja atatha, igulitseni kapena idzakhale ya ndiwo pa chinkhoswe, mbewu musunge ya zolimba zija.