Ball joint ikatha musinthe, osaimenya ndi hamala

Mvula ikakumba maenje m'misewu, magalimoto ogwada m'mbali mwa msewu, tayala lakutsogolo litapindikira pansi, amachuluka. Ambiri mukawayang'ana pansi, chathyoka n'chimodzi: ball joint yamunsi, mfundo yachitsulo yolumikiza tayala lakutsogolo ku galimoto, yomwe inayamba yamenyedwapo ndi hamala kuti ileke kugwedera.

Chizolowezi chimenechi chandikwana. Galimoto ikayamba kulira gugudugugudu pa mabampu, makaniko amachotsa ball joint, kuimenya m'mphepete kuti ifinyike, ena kuwotcherera kumene, kupaka girisi, n'kubwezera. Phokoso limathadi, mwini galimoto n'kumapita akusekerera kuti wapulumutsa ndalama. Komatu chitsulochi chili ngati mfundo ya m'chiuno, mutu wozungulira wokhala m'kachikho. Mphira wophimba mfundoyo ukang'ambika, girisi amatuluka, madzi ndi mchenga n'kulowa, ndipo mutu uja ndi kachikho zimadyeka. Chitsulo chodyeka hamala sibwezeretsa. Mwangotseka pakamwa chinthu chomwe chimakuchenjezani, pomwe mutuwo ukupitirira kuchepa. Kuwotcherera ndiye kumanyanya, chifukwa moto umasungunula pulasitiki yomwe ball joint zambiri zili nayo m'kati, n'kupsereza girisi.

Pa mapikapu ambiri, omwe sipuling'i yake imatsamira pa mkono wamunsi (chitsulo chochokera ku thupi la galimoto kukagwira tayala), ball joint yamunsiyo ndiyo imasenza kulemera kwa kutsogolo. Ikazuka simuchita kuuzidwa. Tayala limagona, chiwongolero sichimvanso, paipi ya mabuleki imatha kuduka, ndipo ngati galimoto imakoka ndi matayala akutsogolo, shafti imasololoka.

Mlimi wina anandifotokozera zake. Pikapu yake inayamba kudya matayala mbali ya m'kati, iye n'kugula ena, nawonso anatha msanga. Anasinthitsa ma shock, phokoso osaleka. Kenako wina anamufinyira ball joint, galimoto inakhala chete. Tsiku lina atasenza matumba a feteleza, akukhota pang'onopang'ono pangodya, galimoto inangogwada. Mwayi sanali pa liwiro. Analipira yodzakoka, fenda, tayala ndi paipi ya mabuleki, kuphatikizapo ball joint yomwe ankaizemba ija, ndipo feteleza anafika kumunda mochedwa. Mpaka lero akanena amati galimoto inamuchita mwadzidzidzi. Mwadzidzidzi bwanji, matayala atamuuza kalekale?

Tsono poyeza, musangonyamula paliponse. Ngati sipuling'i ili pa mkono wamunsi, ikani jeke pansi pa mkonowo pafupi ndi tayala, apo ayi sipuling'i imakoka mfundoyo n'kubisa kugwedera. Pa magalimoto ang'onoang'ono a MacPherson strut, omwe shock ndi sipuling'i zimakhala pamodzi, nyamulani thupi la galimoto tayala lilendewere. Gwirani tayala pamwamba ndi pansi n'kugwedeza, kenako lowetsani chitsulo chachitali pansi pa tayala n'kutukula, mnzanu akuyang'ana mfundoyo. Kugwedera kukatha wina akaponda mabuleki, vuto ndi bearing. Kukamveka mukagwira kumanja ndi kumanzere, yang'anani ma tie rod end, mfundo zolumikiza chiwongolero ndi matayala. Mphira wong'ambika wokha ndi chifukwa chokwanira choganizira zosintha.

Posintha, galimoto ikhale pa zochirikiza zolimba, osati pa jeke yokha, ndipo samalani ndi sipuling'i yopanikizika. Musamenye pa mazinga a ball joint yatsopano. Pukutani bowo lomwe imalowamo, mangani nati molingana ndi buku la galimotoyo, ndipo bowo la pini yotchinga natiyo likapanda kulunjika, mangani pang'ono kupita kutsogolo, osamasula. Pini ikhale yatsopano, osati msomali kapena waya. Yang'ananinso mbali inayo, popeza zonse zayenda mtunda umodzi, kenako pitani kukapangitsa alignment musanadye matayala ena.